Mayina Awiri Kunsi kwa Mpando

Munthu wodziwa mipando yakale ya ku Denmark akaupeza pamsika sathamangira kukhalapo. Amayamba waugadabuza miyendo m'mwamba n'kusuzumira kunsi kwake. Chimene akufuna ndi chidindo chowotcha pathabwa, kapena kachitsulo kokhomedwa pamenepo, ndipo kawirikawiri dzina limene amalipeza si la munthu amene anajambula mpandowo ayi, koma la mmisiri amene anaupala: Johannes Hansen, Niels Vodder, Rud. Rasmussen. Mbiri ya mipando imeneyi yagona pa anthu awiri, wojambula ndi wopala, ndi mmene anapezerana.

Tiyambire kunyengo. Ku Stockholm m'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 3 koloko masana, ndipo kunja kumazizira moti palibe amene angacheze pabwalo. Kwa miyezi ingapo moyo wonse umakhala m'nyumba. Mpando woipa kumeneko ndi chilango cha tsiku ndi tsiku. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu ambiri anachoka kumidzi kukagwira ntchito m'mafakitale, n'kumakhala m'tinyumba topanikizika todzaza ndi katundu wolemera, wakuda, wotengera wa m'nyumba za anthu olemera. Mu 1899 mayi wina wolemba mabuku ku Sweden, Ellen Key, anatulutsa kabuku kotsutsa zimenezi, ponena kuti kukongola n'koyenera munthu aliyense, wosauka yemwe. Patapita zaka makumi awiri, mu 1919, Gregor Paulsson anapitiriza ganizolo polimbikitsa kuti akatswiri a zojambula alowe m'mafakitale kuti ziwiya za masiku onse zikhale zabwino.

Amenewo anali maganizo a papepala. Amene anawasandutsa sukulu ndi Kaare Klint wa ku Copenhagen, wobadwa mu 1888. Mpando wake woyamba kutchuka anaupanga mu 1914 kuti ukhale m'nyumba yoonetsera zithunzi m'tauni ya Faaborg. Unali wopepuka kuti mlendo aunyamule n'kuuika patsogolo pa chithunzi chimene akufuna kuyang'ana, ndipo kumbuyo ndi m'mbali mwake munali molukidwa mooneka kuseri kuti usabise maluwa a pansi. Mu 1924 anatsegula gawo lophunzitsa za mipando pa Royal Danish Academy of Fine Arts. Ophunzira ake sankayamba ndi kujambula zokongola. Ankayamba ndi tepi yoyezera. Ankayeza munthu ataima, atakhala, atatambasula dzanja. Ankayeza mbale, makapu ndi malaya opinda kuti adziwe kukula koyenera kwa kabati. Kenako ankayeza mipando yakale ya ku England, ya ku China ndi ya a Shaker a ku America, kufufuza chimene chinaichititsa kukhala zaka mazana anthu osatopa nayo.

Apa m'pamene Klint anasiyana ndi anzake a ku Germany. A sukulu ya Bauhaus ankafuna kuyamba pamchenga woyera, kutaya zonse zakale, ndipo Marcel Breuer anali atayamba kale kupinda mapaipi achitsulo kukhala mipando. Klint ankati zakale zili ndi nzeru imene inayesedwa kale. Ntchito ndi kuchotsa zosafunika basi. Mpando wake wa Safari wa mu 1933 anautengera ku mipando imene asilikali achingelezi ankayenda nayo m'mahema: timitengo tolowetsana popanda guluu kapena msomali, chinsalu cholimba ndi malamba achikopa, moti pamalo osalingana umadzikhazika wokha.

Koma sukulu payokha sikanapala thabwa ngakhale limodzi. M'zaka za m'ma 1920 amisiri a matabwa ku Copenhagen anali pamoto. Katundu wotchipa wa m'mafakitale ndi wochokera kunja ankawalanda makasitomala. Mu 1927 bungwe lawo lakale linayamba kuchita chiwonetsero chaka ndi chaka kuti anthu aone kusiyana kwa ntchito ya manja. Posakhalitsa anaona kuti luso lopala lokha silikwanira ngati akubwereza masitayilo a agogo awo, ndiye anayamba kuitana achinyamata ojambula mapulani kuti agwire nawo ntchito. Mmisiri ankapereka matabwa, zida ndi miyezi ya thukuta pa chinthu chimene mwina sichikanagulidwa; wojambula ankabwera ndi maganizo amene nthawi zina thabwa linkawakana. Ankakangana pabenchi mpaka kumvana. Chiwonetserochi chinachitika zaka makumi anayi, mpaka 1966, osadukiza ngakhale m'nthawi ya nkhondo. Ine ndimaona kuti pamenepa ndiye panali chitsime chenicheni cha zonse zimene zinadzatchuka pambuyo pake.

Ku Finland njira inali ina. Alvar Aalto ndi mkazi wake Aino ankamanga chipatala cha odwala chifuwa chachikulu ku Paimio, chimene chinatha mu 1933. Nthawi imeneyo mankhwala a matendawa kunalibe. Wodwala ankangopuma miyezi yambiri, akupuma mpweya wabwino. Aalto anaona kuti chitsulo n'chozizira pakhungu la munthu wodwala ndipo chimathobwa m'maso. Mothandizana ndi mmisiri Otto Korhonen, anayesa kumata timatabwa topyapyala ta mtengo wa birch, umene wadzaza nkhalango za dzikolo, n'kutipinda. Mpando wa Paimio wa mu 1932 unatuluka m'menemo, wotsamira chagada pang'ono kuti chifuwa chitseguke wodwala apume bwino. Mu 1935 iwo ndi anzawo awiri anakhazikitsa kampani ya Artek kuti izigulitsa katunduyu. Ku Sweden, Bruno Mathsson, mwana wa kalipentala wa ku Värnamo, ankafufuzanso mmene msana umapindikira. Mpando wake wa mu 1931 wolukidwa ndi malamba anaupangira chipatala cha kwawo, koma ogwira ntchito kumeneko sanaukonde, ndipo anaupatsa dzina loti chiwala.

Germany italanda Denmark mu Epulo 1940, matabwa ndi nsalu zochokera kunja zinasowa. Amisiri anatembenukira ku mitengo ya kwawo, oak, beech ndi ash, ndiponso ku chingwe chopota ndi pepala. M'zaka zomwezo bungwe la makoparetivu la FDB linatsegula ofesi yojambula mipando, ndipo mu 1942 linaika Børge Mogensen, wophunzira wa Klint, kukhala mkulu wake. Ntchito yake inali yopangira mabanja wamba katundu wolimba pa mtengo wofikirika. Mpando wake wa J39 wa mu 1947 unalowa m'masukulu, m'makantini ndi m'makhitchini ochuluka moti a ku Denmark amautcha mpando wa anthu.

Mnzake wapamtima wa Mogensen, wobadwa chaka chimodzi naye mu 1914, anali Hans Wegner. Pa iyeyu ndiima pang'ono, chifukwa mwa iye anthu awiri aja anali m'thupi limodzi. Anali mwana wa wosoka nsapato wa ku Tønder, kumalire ndi Germany, ndipo anayamba kuphunzira ukalipentala ali ndi zaka 14, asanapite ku Copenhagen kukaphunzira zojambula. Ankadziwa kumene thabwa limang'ambikira chifukwa anali atang'ambapo ambiri. Pa moyo wake anajambula mipando yopitirira 500, koma mukaiika pamzere mumaona kuti yambiri ndi funso limodzi lofunsidwa mobwerezabwereza. Mu 1944 anapanga mpando wotengera ya ku China ya nthawi ya mafumu a Ming, imene potsamira msana ndi poika manja ndi mtengo umodzi wozungulira. Anapitiriza kuchepetsa, kusalaza, mpaka mu 1949 pamene iye ndi Johannes Hansen anaonetsa mpando umene Wegner ankangoutcha wozungulira. Miyendo inayi, pokhala, ndi uta umodzi wosemedwa woyenda kuchokera kudzanja lamanja, kuzungulira msana, kukafika kulamanzere. Utawo ndi zidutswa zitatu zolumikizidwa. Poyamba malo olumikizawo ankawabisa powakulunga ndi luzi lolukira. Wegner sanakhutire nazo, ndipo anakonza chilumikizo cholowana ngati zala za manja awiri, cholimba ndi chooneka bwino moti panalibenso chifukwa chochibisira. Magazini ya ku America ya Interiors inalemba za mpandowu mu 1950. Pa 26 Seputembala 1960, John Kennedy ndi Richard Nixon atakumana ku Chicago pa mtsutso woyamba wa ofuna upulezidenti woulutsidwa pa wailesi yakanema, onse awiri anakhala pa mpando umenewu. Ku America unangotchedwa The Chair.

Chaka chomwecho cha 1949 Wegner anajambulira kampani ya Carl Hansen & Søn mpando wa CH24, umene kumsana kwake kuli thabwa la mphanda ngati chilembo cha Y. Pokhala pake amalukapo ndi manja chingwe cha pepala chotalika pafupifupi mamita 120. Wakhala ukupangidwa osalekeza kuyambira 1950. Ndipo mu 1951 kunabwera mpando waukulu wa khushoni umene manja ake amatambasuka ngati chimbalangondo chikukukumbatira chakumbuyo. Kumapeto kwa manjawo anasiyako thabwa loonekera, pamalo enieni pamene zikhatho zimagwira n'kudetsa nsalu. Ndi tinthu totere timene timandichititsa kumulemekeza munthuyu: anaganizira ngakhale thukuta la m'manja.

Finn Juhl anali wosiyana naye kwambiri. Sanaphunzire ukalipentala, anali wojambula mapulani a nyumba wokonda ziboliboli zamakono, ndipo a sukulu ya Klint ankamuona ngati wosokera. Akanapanda kukumana ndi Niels Vodder, mmisiri wolola kuyesa zimene ena ankati n'zosatheka, zambiri zake zikanathera papepala. Pa mpando wake wa mu 1945 analekanitsa pokhala ndi potsamira ku mafupa a mpandowo, moti khushoni imaoneka ngati ikuyandama pakati pa mitengo yosemedwa mowonda. Mu 1949 anatulutsa Chieftain, mpando wa mfumu, wa chikopa ndi manja otambalala. Posakhalitsa anapatsidwa ntchito yokonza chipinda cha Trusteeship Council ku likulu la United Nations ku New York, chimene chinatha mu 1952. M'chipinda chimenecho ndi mmene munkakambidwa za mayiko amene anali asanalandire ufulu monga Tanganyika ndi Ruanda-Urundi.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Chiwonetsero cha Design in Scandinavia chinayenda m'mizinda ya America ndi Canada kuyambira 1954 mpaka 1957, ndipo maoda anachuluka kuposa mmene manja a amisiri akanakwanitsira. Mtengo umene dziko linaudziwa ngati wa ku Denmark, teak, sumera kumeneko n'komwe. Unkachokera ku Thailand ndi ku Burma. Ndi wamafuta ndipo umabunthitsa mipeni ya makina msanga, koma kampani ya France & Daverkosen inapeza njira youpalira ndi makina mochuluka, n'kumatumiza mipando kunja ili yomasula kuti ichepe m'bokosi. Mipando yambiri ya teak imene ikupezeka lero m'masitolo a zinthu zakale inachokera m'mafakitale otere, osati pabenchi ya Vodder. Arne Jacobsen anapita patsogolo kwambiri. Pa hotela ya SAS Royal ku Copenhagen anajambula chilichonse, ndipo mipando yake ya mu 1958, Egg ndi Swan, inali ya chigoba choumbidwa chokutidwa ndi nsalu kapena chikopa, choima pa mwendo wachitsulo. Ndi yokongola, sindikana, koma kalipentala analibenso gawo pamenepo.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mphepo inatembenuka. Achinyamata ankafuna pulasitiki ya mitundu yowala monga ya Verner Panton. Malipiro a amisiri anakwera. Mipando yotsanzira yosalimba inadzaza msika n'kuipitsa dzina. IKEA, imene Ingvar Kamprad anaiyambitsa ku Sweden mu 1943, inatenga loto la Ellen Key la katundu wa aliyense n'kulikwaniritsa m'njira yakeyake, ya makatoni ndi masikuluwu. Ku Norway mafakitale a m'dera la Sykkylven anapitirizabe, ndi Siesta ya Ingmar Relling mu 1965 ndi Stressless ya Ekornes mu 1971. Koma ku Copenhagen mashopu a amisiri ankatsekedwa imodzi ndi imodzi, ndipo mabanja ambiri anachotsa mipando ya makolo awo osadziwa chimene akutaya.

Inayamba kufunidwanso m'zaka za m'ma 1990, makamaka ku Japan ndi ku America, ndipo lero Chieftain yotuluka m'manja mwa Vodder imagulidwa pa okushoni ndalama zoti munthu n'kumangira nyumba. Zimandiwawa kuti ntchito imene inayamba ndi mawu oti kukongola n'kwa aliyense yathera m'manja mwa ochepa. Palinso ngongole ina: mtengo wa rosewood wa ku Brazil, umene unakondedwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutha, ndipo kuyambira 1992 malonda ake ndi oletsedwa pansi pa pangano la CITES, moti ngakhale mpando wakale wa mtengowu sudutsa malire popanda zikalata.

Mpando wozungulira wa Wegner ukupangidwabe, tsopano ndi amisiri a PP Møbler ku Allerød, kumpoto kwa Copenhagen, amene anautenga shopu ya Johannes Hansen itatsekedwa. Yakale ija nayonso imakonzeka. Guluu akauma, mmisiri amamasula chilumikizo, kuchiyeretsa, n'kumatanso. Thabwa la teak limabwerera mtundu akalipaka mafuta, la oak amalitsuka ndi madzi a sopo. Chingwe cha pepala chikaduka patapita zaka makumi angapo, wolukayo amachotsa chonse, kuyambanso pakona, n'kumakoka mzere uliwonse mwamphamvu mpaka mbali zinayi zitakumana pakati.