Kodi WESM ndi ya azungu? Mbiri yake pang'ono

Anzanga a m'kalabu, pa msonkhano wa Loweruka lapitali tinakokanakokana pa nkhani yolembetsa kalabu yathu ku bungwe la WESM. Ena munati ndi bungwe la azungu, limasamala nyama pamene anthu akugona ndi njala. Ine ndinangoti duu tsiku lija chifukwa ndinalibe mfundo yogwirika. Mlungu uno ndafufuzako mbiri yake, ndiye ndikuuzani momwe ndaipezera, zokoma ndi zowawa zomwe.

Amene munati linayamba ndi azungu simunaname. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1947, dziko lino likadali Nyasaland, ndipo dzina lake linali Nyasaland Fauna Preservation Society. Chimene chinandiseketsa nchakuti ambiri mwa oyambitsawo anali alenje. Eti anthu a mfuti kuyambitsa bungwe loteteza nyama! Koma zikumveka ndithu. Iwowo ndi amene ankalowa m'tchire kawirikawiri, ndiye anaona msanga kuti nyama zikutha, ndipo akapanda kuchitapo kanthu sadzakhalanso ndi choti asake. Nthawi imeneyo boma nalonso linkapha nyama zambiri ponena kuti zikuononga mbewu komanso zikufalitsa kashembe.

Chowawa chili apa. Malamulo a atsamunda ankapanikiza makolo athu pa nkhani ya uzimba, misampha ndi mbuna, pamene mzungu wolipira chiphaso ankaombera njati masanasana. Munthu amene agogo ake ankasaka m'nkhalango yomweyo anasanduka wakuba. Choncho mkulu wa kumudzi akamakayikira anthu obwera ndi nkhani za zachilengedwe, musamuone ngati mbuli. Akukumbukira kumene zinachokera.

Komabe ntchito ina imene mamembala oyambawo anagwira tikuidyerera mpaka lero. Anakakamiza boma kuti lipatule malo otetezedwa ku chigwa cha Shire. Mwabvi ku Nsanje inakhala nkhalango yotetezedwa mu 1953, ndipo Majete ku Chikwawa inatsatira mu 1955. Dzina limene limamveka kwambiri pa nkhani ya Majete ndi la G.D. Hayes, yemwe anali mmodzi mwa akuluakulu a bungweli kwa zaka zambiri. Sikuti kupatula malo kunathetsa mavuto ayi. Pofika 1992 njovu zinali zitatheratu ku Majete. Bungwe lina, la African Parks, ndi limene linayamba kuyendetsa malowa mu 2003 nkubwezeretsamo zipembere, njovu, kenako mikango mu 2012. Zimenezo si za WESM, tisasakanize. Koma taganizani, akanabwezeretsa kuti nyamazo malowo akanakhala kuti anasanduka minda kalekale?

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kuwerenga nyama ku Lengwe. Kuyambira mu 1967, mamembala a bungweli amapita kumeneko nthawi ya chilimwe kukawerenga nyama, makamaka nyala, zimene ena amati boo. Njira yake ndi yosavuta kumva koma yovuta kupirira. Chilimwe chikafika pachimake madzi amatsala m'maiwe ochepa okha, ndiye nyama iliyonse imayenera kubwera pamenepo kudzamwa. Anthu amakhala m'tizisakasa tobisalira pafupi ndi maiwewo, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, nkumalemba nyama iliyonse yofika: yamphongo, yaikazi, mwana. Amene munafikako ku Nchalo mu Okutobala mukudziwa kutentha kwake. Palibe malipiro. Munthu wasiya ntchito zake mtauni kukakhala chete tsiku lonse ndi kope ndi pensulo, thukuta lili kamukamu. Phindu lake limaoneka patapita zaka, chifukwa mukayerekeza ziwerengero za chaka ndi chaka mumadziwa ngati nyama zikuchuluka kapena zikuchepa, m'malo momangolota. Ife takhala tikudzala mitengo dzinja lililonse, koma ndani mwa ife angatchule kuti mwa mitengo ya chaka chatha yapulumuka ingati? Ine sindingathe, ndipo ndinali nawo podzala.

Dzina la bungweli lakhala likusintha, ndipo kusinthako kukuonetsa kumene maganizo ankalowera. Titalandira ufulu, mawu oti Nyasaland anachoka nkukhala National Fauna Preservation Society. Mu 1989 linakhala Wildlife Society of Malawi, ndipo mu 2001 anaonjezerapo za chilengedwe chonse nkukhala Wildlife and Environmental Society of Malawi, WESM imene tikuidziwayi. Anali atazindikira kuti nyama sizingapulumuke ngati nkhalango, madzi ndi anthu ozungulira akuvutika. Makalabu a m'sukulu ndi amene anabweretsa Amalawi ambiri m'bungweli. Amene tinali mu wildlife kilabu ku pulayimale tikukumbukira kamagazini kaja ka Nantchengwa, kotchedwa dzina la mbalame yomanga chisa chachikulu ija. Kanali ka bungwe lomweli, ine ndadziwa pano.

Pa funso lija loti nanga anthu amapindulanji, chitsanzo chabwino ndi cha Kam'mwamba ku Neno, pa msewu wa Zalewa kumene matumba a makala amangoti ndandanda. Cha m'ma 1990 bungweli linayamba kugwira ntchito ndi midzi ya kumeneko kuti anthu apeze ndalama m'nkhalango osaidula: kupanga juwisi wa malambe ndi wa bwemba, kuweta nkhanga, kuika ming'oma ya njuchi. Maganizo ake anali akuti mtengo umene ukukupatsa ndalama chaka chilichonse suuyang'ana ndi diso la nkhwangwa. Kodi makala anatha ku Neno? Ayi, tonse timawaona, ndipo ambiri a ife timaphikira omwewo magetsi akazima. Juwisi yekha sangapikisane ndi mbaula za Blantyre yense.

Mbali yanga ndi iyi: tilembetse. Bungweli lili ndi nthambi m'malo monga Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mulanje, ndipo mamembala ndi amene amasankha zochita m'dera lawo. Ife tinaona ndi maso athu zimene matope a ku Soche anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo Michiru ikumetedwa mpala tikuonerera. Koma tikalowa, tilowe ndi mafunso athu. Wowotcha makala tikamuletsa adya chiyani? Funso limenelo tikalifunse konko, pamaso pawo.

Loweruka likubwerali tivota. Ndibwera ndi kope, ndipo tisanayambe msonkhano ndikupempha anthu anayi tipite kaye kukawerenga mitengo ija tinadzala m'mbali mwa mtsinje.