Moto wogula pang'onopang'ono: mbiri ya batire m'nyumba za ku Angónia

Munthu akafika pamsika wa ku Ulónguè n'kudutsa milu ya mbatata ya kachewere ndi kabichi, amakumana ndi mabenchi amene makolo athu sanawaonepo. Pali matochi ovala pamutu, timawailesi tolowetsa memole khadi, matchaja a milomo yosiyanasiyana, timasola tokula ngati mbale ya ndiwo, ndipo chapambali pamakhala mnyamata atawerama pa foni ya wina imene waing'amba mimba. Ambiri amati ichi ndi chitukuko chadzana chochokera ku China. Katunduyo ndi wadzana ndithu, koma kasankhidwe kake n'kakale. Kuyambira pa wailesi yoyamba kufikira foni ya lero, chipangizo chimene chakhalitsa m'nyumba za m'mapiri a Angónia ndi chimene mwini wake amatha kuchidyetsa moto wogula pang'onopang'ono, monga agulira mchere ndi palafini, ndipo chikadwala sing'anga wake amapezeka pamsika pomwepo. Luso la amene anachipanga, ngakhale khumbo la boma, zakhala zikubwera pambuyo.

Malo enieniwo amafotokoza zambiri. Pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula pakati dziko la Angoni a Maseko amene anakhazikika mozungulira phiri la Domwe, moti abale a mimba imodzi anadzuka ena ali ku Nyasaland, ena ku Mozambique. Kuchokera ku Ulónguè, kumene Apwitikizi ankati Vila Coutinho, kupita ku Dedza ndi makilomita osakwana 50, pomwe mzinda wa Tete uli pamtunda wopitirira makilomita 200, ndipo Maputo ndiye kutali kosayerekezeka. Amuna othawa chibalo ndi msonkho ankatsika kupita ku Rhodesia ndi ku Joni, ambiri kudzera ku Nyasaland, ndipo pobwera ankanyamula njinga, makina osokera ndi galamafoni. Zitatuzi zili ndi chinthu chimodzi chofanana: zonse zimayenda ndi mphamvu ya mwendo kapena ya dzanja. Galamafoni inkangofuna kupukusa ndi kusintha singano. M'mudzi mopanda waya ngakhale umodzi, mtchona wobwerera kwawo ankadziwa kuti chinthu chofuna magetsi chikangosanduka chokongoletsa pachipupa.

Wailesi ndiyo inabweretsa vuto la moto m'nyumba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Harry Franklin, yemwe ankayang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotchipa yoti Aafirika azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, imene inkalankhulanso m'Chinyanja. Thupi lake linali ngati sefuliya ya aluminiyamu, n'chifukwa chake anaitcha Saucepan Special. Inkagulidwa mapaundi 5, koma batire lake lokha linali masheleni 25. Tiime pa chiwerengero chimenechi, pakuti chikunena zonse. Kampani ya mabatire ndiyo inavomera kupanga wailesi, podziwa kuti wailesi munthu amagula kamodzi koma batire amabwerera nalo kusitolo chaka ndi chaka. Akagula mabatire anayi ndiye kuti walipiranso mtengo wa wailesi ina. Mafunde a ku Lusaka sankafunsa chiphaso pamalire, koma batire lalikulu chotero silinali la mlimi wamba. Zinthu zinasintha pamene mawailesi a transistor anafala m'zaka za m'ma 1960, chifukwa ankadya mabatire omwe aja a mutochi, ogulika awiriawiri pagolosale iliyonse. Nthawi yomweyo Malawi inalandira ufulu mu 1964, MBC inayamba kuulutsa mawu, ndipo ku Blantyre kampani ya Nzeru Radio inayamba kulumikiza mawailesi otchipa. Kwa munthu wa ku Angónia, chinenero cha pawailesiyo chinali cha pakhomo pake, ndipo sitolo ya mabatire inali tsidya lina la malire.

Boma la Frelimo, litatenga dziko pa 25 June 1975, linaona msanga kuti anthu ambiri sadziwa kuwerenga ndipo njira yowafikira ndi khutu. Mothandizidwa ndi East Germany, ku Maputo anayamba kulumikiza wailesi yotchedwa Xirico, dzina la kambalame koimba, ndipo inafalikira dziko lonse. Inali wailesi yabwino, yolimba, moti achikulire amaitchula ndi ulemu mpaka lero. Koma eni timasitolo ta Chipwitikizi ta m'midzi anali atachoka, masitolo a boma amene analowa m'malo mwawo ankakhala mashelefu ali gwa, ndipo batire linasowa ngati sopo ndi shuga. Apa ndi pamene luso lenileni la m'mudzi linaonekera. Anthu ankayanika mabatire otha padzuwa kuti atsitsimuke pang'ono, ankawandanditsa asanu kapena asanu ndi atatu m'chipepala chokulunga kapena m'nsungwi n'kulumikiza ndi tiwaya, ndipo wailesi ankaitsegula pa nthawi ya nkhani basi, nkhani zikatha n'kuzimitsa. Boma linapereka chomvera, koma chakudya chake chinkachokera ku Dedza ndi ku Lizulu m'matumba a anthu opita kukagulitsa mbewu. Nkhondo ya Renamo itakula, makamaka cha m'ma 1986, midzi yambiri ya ku Angónia inasamukira m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ndipo Malawi inafika posunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Frelimo ndi Renamo atasainirana mtendere ku Rome pa 4 October 1992, anthu anabwerera ndi makutu ozolowera MBC komanso miyendo yodziwa misika ya ku Malawi.

Wina anganene kuti kutamanda batire n'kukometsera umphawi, popeza yankho lenileni ndi magetsi a pawaya. Mawuwa ali ndi mano, ndipo amaluma kwambiri m'chigawo cha Tete kuposa kwina kulikonse. Damu la Cahora Bassa, limene linatha kumangidwa mu 1974, lili m'chigawo chomwechi ndipo limatha kutulutsa mamegawati 2,075, koma linamangidwa kuti lizitumiza magetsi pa waya wa makilomita pafupifupi 1,400 kupita kufupi ndi Johannesburg. Kwa zaka zambiri tawuni ya Ulónguè inkayatsa magetsi ochokera ku ESCOM ya ku Malawi, dziko losowa magetsi lenilenilo, pamene mtsinje wa Zambezi ukuunikira migodi ya ku South Africa. Palibe amene angakane kuti chigayo, firiji ya kuchipatala ndi makina owotcherera zitsulo zimafuna waya. Koma mbiri ikufunsa zimene zinachitika, ndipo zimene zinachitika n'zakuti mibadwo itatu inamvera nkhani, inaunika usiku ndipo inavina pa maukwati isanaone mtengo wa magetsi pakhomo. Ikanati idikire waya, bwenzi Mozambique itatenga damulo m'manja mwa Apwitikizi mu 2007 anthu ambiri a ku Dómuè asanamveko liwu la mtsogoleri wawo.

Chitsutso china n'chochenjera kuposa apa. Ngati vuto linali moto, bwanji wailesi yopukusa, yosafuna batire n'komwe, sinagonjetse zonse? Trevor Baylis wa ku Britain anaipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, inkapangidwa ku Cape Town, ndipo mabungwe othandiza anaigawa m'maiko ambiri, kuphatikizapo ku Mozambique madzi atasefukira mu 2000. Papepala inali yankho la zonse. Koma mtengo wake unali wolipira kamodzi, wokwera, moti inkafika m'mudzi kudzera mwa opereka thandizo, osati pabenchi ya pamsika, ndipo chopukusira chikathyoka panalibe wogulitsa china. Wailesi ya mabatire pakutha pa zaka imadya ndalama zambiri kuposa yopukusa, izi n'zoona, koma imadya pang'onopang'ono, mogwirizana ndi m'mene ndalama imalowera m'nyumba ya mlimi: yambiri akagulitsa fodya kapena mbatata, yochepa m'miyezi ya njala, pamene wailesi ikhoza kungokhala chete osadandaula. Wowerengera ndalama ali muofesi amaona kuwononga. Mlimi amaona chinthu chimene angachiyendetse ndi thumba lake.

Foni ya m'manja inadutsa njira yomweyi. Kampani ya mcel inayamba mu 1997, Vodacom inalowa mu 2003, koma midzi yambiri ya kutali inadikira mpaka Movitel itafika mu 2012 n'kudzala nsanja kumene anzake sankafika. Izi zisanachitike, anthu a m'mbali mwa malire ankakwera pachulu kusaka netiweki ya TNM kapena Celtel ya ku Malawi. Ndipo foni itafika, funso loyamba linali lakale lija: moto tiutenga kuti? Panabadwa ntchito ya kutchajitsa, wina n'kukhala ndi batire la galimoto limene ankalinyamula panjinga kukalidzaza kutawuni, anzake n'kumalipira pa foni iliyonse. Kenako sola itatsika mtengo, batirelo linaleka maulendo. Foni imene yakhazikika m'midzi ndi kaja ka mabatani, ka itel kapena Tecno, kosunga moto masiku angapo, kolowa ma SIM awiri kuti wina akhale wa meticais wina wa makwacha, kokhala ndi tochi kumutu ndi wailesi ya FM m'kati. Kanthu kamodzi kameneka kanameza Xirico, ndipo pamodzi ndi tinyali ta LED kanachotsa koloboyi ndi mwaye wake m'zipinda zambiri. Ngakhale mayunitsi oimbira amagulidwa ngati mabatire aja, a lero lokha, mawa zidzaoneka.

Pali mbali imene otsutsa akunena zoona ndipo siyenera kubisidwa. Katundu wambiri wa pamabenchi aja ndi wosalimba. Tochi imatha mwezi umodzi, tchaja yabodza imapha foni, sola yolembedwa mphamvu zambiri pachikwangwani imapereka zochepa, ndipo wogula alibe kokadandaula. Mabatire otha amatayidwa kudzala ndi m'madimba momwe mumachokera kabichi wa pamsika, ndipo a galimoto amakhala ndi mtovu ndi asidi zimene ana sayenera kuseweretsa. Xirico inkakhala zaka khumi. Kawailesi ka lero kakafika chaka, mwini wake amathokoza. Kugula pang'onopang'ono kuli ndi msonkho wake, ndipo amaulipira ndi wosauka yemweyo.

Komabe taonani zimene waya wa magetsi uja wachita utafika. Boma linalengeza mu 2018 kuti likufuna munthu aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030, ndipo m'chiwerengero chimenecho likuphatikizamo masola a panyumba, amene makampani ena amagulitsa mwa ngongole yolipira pafoni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, wosalipira nyali n'kuzima yokha. Nayo kampani ya magetsi ya EDM, ikalumikiza nyumba ku Ulónguè kapena ku Calómuè, siidikiranso bilu ya kumapeto kwa mwezi. Imaika mita ya Credelec, mwini nyumba n'kugula mayunitsi a ndalama imene ali nayo tsikulo, kulemba manambala pamita, ndipo akatha nyumba imakhala mumdima mpaka atagulitsa thumba lina la mbatata.