Malire a ku Chilwa ndi Ruo: pakati sipadziwika popanda pangano

Kupeza pakati pa manambala awiri n'kosavuta: umawaphatikiza n'kugawa ndi 2, choncho pakati pa 4 ndi 10 ndi 7. Pa mapu njira ndi yomweyo, kungoti umawerengera mbali ziwiri, ndipo pakati pa (2, 4) ndi (8, 10) pamakhala (5, 7). Koma mbiri ya malire a Malawi ndi Mozambique amene ali kufupi ndi dera la Mfumu Chiwalo ku Phalombe ikusonyeza kuti masamuwa amagwira ntchito pokhapokha anthu atagwirizana kaye za nsonga ziwirizo, n'kuvomerezanso kuti malire akhaledi pakatipo.

Pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 Juni 1891 linatsatitsa malire gombe la kum'mawa la nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa. Kuchoka apo mzere unalunjika ku Muloza, mtsinje wothira mu Ruo, kenako unayenda pakati pa Ruo mpaka pamene amakumana ndi Shire ku Chiromo. M'pangano limodzi munali miyeso iwiri: panyanja anasankha gombe, pamtsinje anasankha pakati. Akanakhala kuti masamu ndiwo ankalamula, Chilwa akanamugawa pawiri. Chimene chinalamula chinali mphamvu, pakuti mu 1890 Britain anali ataopseza kale Portugal kuti achotse asilikali ake m'dera la Shire. Eni nthaka sanafunsidwe, ndipo m'zaka zotsatira Alomwe ambiri anaoloka mzerewo pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi n'kudzakhazikika ku Phalombe, Mulanje ndi Thyolo.

Ena anganene kuti pakati ndiye chilungamo chenicheni, chifukwa palibe amene amalandira zochepa. Ndi mfundo imene Tanzania amaimapo pofuna kuti malire a kumpoto kwa nyanja ya Malawi akhale pakati pa madzi, ngakhale pangano la Britain ndi Germany la 1890 linawaika pagombe la kum'mawa. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo n'zoona kuti mayiko ambiri amagawana nyanja motero. Komabe Chilwa akutichenjeza. Nyanjayi ndi yosaya, gombe lake limasuntha malinga ndi mvula, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Nsonga zikasuntha, pakati pamasunthanso, ndiye malire odalira masamu okha bwenzi akusamuka chilimwe chilichonse. Ngakhale mzere wa pakati umene umatilekanitsa ndi Mozambique panyanja ya Malawi sunabwere wokha, unabwera ndi pangano lina la Britain ndi Portugal mu 1954. Pangano lomwelo linasiya zilumba za Likoma ndi Chizumulu m'manja mwathu, chonsecho zili kum'mawa kwa mzerewo.

Sikuti masamu alibe ntchito. Pogawira abale awiri munda, chingwe chopinda pawiri chimaonetsa pakati mosakondera, koma chimatambasulidwa amfumu ndi mboni ataloza kale pamene mundawo ukuyambira ndi pamene ukuthera. Chimodzimodzi m'nkhani za mayiko, woyeza malo amabwera pambuyo pa okambirana. Amene akufuna kuti malire asunthire pakati ayenera kupeza chilolezo cha mnzake, chifukwa kugawa ndi 2 sikufafaniza pangano limene linasainidwa.