Ana a nkhosa a pa chionetsero ku America

Ku United States kuli mabanja amene amaweta nkhosa kuti apeze ana okapikisana pa zionetsero za ziweto, nyama ndi ubweya zili pambuyo. Ana a nkhosa oterewa amatchedwa club lambs, ndipo amagulidwa ndi anyamata ndi atsikana a m'makalabu a zaulimi, makamaka 4-H, yomwe chiyambi chake amachiika mu 1902 ku Ohio, ndi FFA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1928 ku Kansas City. Nkhosa m'dzikomo zinachepa kwambiri, kuchoka pa 56 miliyoni mu 1942 kufika pa pafupifupi 5 miliyoni masiku ano, koma malonda a ana a pa chionetsero akadali otentha ku Texas, Oklahoma, Iowa ndi m'madera ena.

Mitundu yotchuka ndi ya nkhope zakuda yochokera ku England: Suffolk, yopanda ubweya kumutu ndi kumiyendo, ndi Hampshire, yomwe ili nawo. Ambiri amakweretsa mitundu iwiriyi pamodzi. Bere la nkhosa limatenga masiku pafupifupi 147, choncho woweta amayamba ndi tsiku la chionetsero n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo. Ana opita ku zionetsero za mu Julayi ndi Ogasiti amabadwa pakati pa Januwale ndi Malichi, chisanu chili pachimake. Nthawi imeneyi banja siligona tulo. Amasinthana kudzuka usiku kukasuzumira m'khola, kupukuta kamwana kongobadwa, kukaika pansi pa nyali yotenthetsa ndi kuonetsetsa kuti kayamwa mkaka woyamba. Mabanja a ndalama amagula umuna wa nkhosa yamphongo yotchuka, dokotala wa ziweto n'kudzauika m'chiberekero pobowola pang'ono pamimba.

Phindu la chaka chonse limadziwika pa kugulitsa. Akangoletsedwa kuyamwa, pa miyezi iwiri kapena itatu, ana amagulitsidwa pakhomo kapena pa okushoni ya pa intaneti, amphongo atafulidwa kale. Mtengo suyendera sikelo. Kamwana kochokera m'khola lomwe linatulutsapo katswiri kamagulidwa mtengo woposa kangapo wa ku butchala, n'chifukwa chake oweta amalondola kulikonse kumene nkhosa zawo zapambana ndi kufalitsa zithunzi zake.

Wogulayo amaisamala nkhosayo kwa miyezi ingapo mpaka ifike makilogalamu 50 mpaka 70. Amaipatsa chakudya chopima, amaithamangitsa kuti mnofu ulimbe, ena mpaka kuiyendetsa pa makina opondaponda. Chionetsero chikayandikira amaimeta mpala thupi lonse, kusiya ubweya wa m'munsi mwa miyendo womwe amaupesa kuti mafupa aoneke aakulu, kenaka n'kuiveka kansalu kothina kuti isade. M'bwalo nkhosa imalowa yopanda chingwe. Mnyamata kapena mtsikana woionetsa amaigwira kuchibwano, n'kutsamiza chifuwa cha nkhosayo pa ntchafu yake kuti ikankhe ndi kuumitsa msana. Apo jaji amadutsa akupapasa msana, nthiti ndi ntchafu, kufuna kudziwa kuchuluka kwa mnofu ndi mafuta.

Dzanja la jaji ndilo limalamula zochitika m'makola, ndipo nthawi zina lasocheretsa oweta. Pamene nkhosa zazitali zinali m'fasho, matenda a kumtundu otchedwa spider lamb syndrome anafala pakati pa Suffolk ndi Hampshire: mwana amabadwa ndi miyendo yaitali yopindika ndi msana wokhota, ndipo kawirikawiri sakula. Amatuluka pokhapokha bambo ndi mayi onse ali ndi mbewu ya matendawa, choncho lero oweta amayezetsa DNA asanakweretse. Amayezetsanso kulimba kwa nkhosa ku matenda a ubongo a scrapie. Vuto lomwe silinatheretu ndi la mchira. Ambiri amaudulira patsinde penipeni kuti kumbuyo kuoneke kodzadza, pamene madokotala a ziweto amachenjeza kuti kutero kumachititsa thumbo kutulukira kumbuyo. Zionetsero zina zinaika muyezo wa kutalika kwa mchira, zina zimangoyang'ana kumbali. Kumeta mpala ndi kusambitsa pafupipafupi nakonso kumatsegulira njira chipere, chomwe chimapatsira ndi anthu omwe.

Zionetsero zazikulu ndi monga National Western Stock Show ya ku Denver, yomwe inayamba mu 1906, ndi Houston Livestock Show and Rodeo ya mu 1932. Ku Houston amalonda amapikisana kugula nkhosa yopambana pa ndalama zochuluka zedi, koma mwini nkhosayo amalandira gawo lokhala ndi malire, zotsalazo zimapita ku thumba la maphunziro. Pa zionetsero zambiri nkhosa ikagulitsidwa sibwereranso kumudzi. Imakwera galimoto yopita kokaphedwa, ndipo banja limayamba kufunsira kwa oweta za ana a chaka chamawa.