Mmene Magazini a Chifalansa Adalowera m'Manja mwa Asilamu

Mu 1631, dokotala wina wa ku Paris, Théophraste Renaudot, adayamba kusindikiza La Gazette, kapepala ka nkhani kotuluka sabata iliyonse. Nduna yamphamvu ya mfumu, Richelieu, ndiyo inkamuchirikiza, choncho nkhani zake zinkalondola kumene boma laloza. Mu 1665 kudabadwa Journal des savants, magazini ya anthu ophunzira yofotokoza mabuku atsopano ndi kafukufuku, imene ikutulukabe mpaka lero. Mu 1672 kudabwera Mercure galant, yodzaza ndi ndakatulo, mavalidwe ndi nkhani za anthu otchuka. Motero pasanathe zaka 50, Afalansa adali ndi zofalitsa za mitundu itatu: za boma, za maphunziro ndi zosangalatsa.

Zofalitsa zotere zidafika m'maiko a Asilamu pamodzi ndi asilikali. Pamene Napoleon ankapita kukalanda Egypt mu 1798, m'zombo zake mudalinso makina osindikizira. Ku Cairo kudayamba kutuluka Courrier de l'Égypte, ya nkhani za asilikali, ndi La Décade égyptienne, ya akatswiri ofufuza nthaka, matenda ndi miyambo ya dzikolo. Zonse ziwiri zidalembedwera Afalansa, ndipo zidatha iwo asanachoke mu 1801.

Ku Algeria, dziko limene France idayamba kulanda mu 1830, atsamunda adakhazikitsa Le Mobacher mu 1847, ya m'Chifalansa ndi m'Chiarabu. Dzinalo ndi la Chiarabu, lotanthauza wobweretsa nkhani yabwino, koma zimene inkanyamula kwenikweni ndi malamulo ndi zilengezo za boma. Mu 1906 ku Paris kudayambanso Revue du monde musulman, imene kwa zaka 20 inkasonkhanitsa nkhani za misikiti, masukulu ndi magulu a Asilamu a m'maiko ambiri. M'masamba onsewa Msilamu adali wofufuzidwa ndi wolamulidwa. Mawu akeake sankamveka.

Komatu akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo sikasankha dzanja. Masukulu a atsamunda adatulutsa Asilamu ochepa odziwa bwino Chifalansa, ndipo iwo adayamba kuyankha. Kuyambira 1919, Emir Khaled, mdzukulu wa Emir Abdelkader amene adalimbana ndi Afalansa pankhondo, adalimbana nawo kudzera mu nyuzipepala ya L'Ikdam. Adafuna kuti malamulo atsankho olanga eni dziko athetsedwe, ndi kuti Asilamu akhale ndi owayimira m'nyumba ya malamulo ya France. Boma lidamufinya mpaka adatuluka m'dzikolo mu 1923.

Nkhani yopatsa maganizo kwambiri ndi ya mashehe. Mu 1931 adakhazikitsa bungwe la maulama a ku Algeria lotsogozedwa ndi Shehe Abdelhamid Ben Badis, ndipo ntchito yake yaikulu idali kutsegula madrasa ndi kuteteza Chiarabu. Nanga anthu otere akadalemberanji m'chinenero cha atsamunda? Zifukwa zidali ziwiri. Choyamba, lamulo linkawerengera nyuzipepala ya Chiarabu ngati ya chinenero chachilendo, moti boma linkatha kuitseka popanda kupita kukhoti. Pakati pa 1933 ndi 1934, nyuzipepala zitatu za bungweli zidatsekedwa motsatizana. Ya Chifalansa idali yovutirapo kuitseka, ndipo mu 1934 Lamine Lamoudi, mlembi wa bungweli, adayambitsa La Défense. Chachiwiri, panali ana a Asilamu ophunzira m'masukulu a Afalansa amene sankatha kuwerenga Chiarabu. Kuwasiya kukadakhala kuwataya. N'chifukwa chake mu 1952 Ahmed Taleb Ibrahimi, mwana wa Shehe Bachir al-Ibrahimi, ndi anzake adayambitsa Le Jeune Musulman, yofotokozera achinyamatawo chipembedzo ndi mbiri yawo m'chinenero chimene ankamva.

Nkhondo ya ufulu itabuka mu 1954, gulu la FLN lidayambitsa El Moudjahid mu 1956, m'Chifalansa ndi m'Chiarabu, kuti dziko lonse lapansi, ngakhale anthu a ku France komwe, limve dandaulo lawo. Mmodzi mwa olembamo adali Frantz Fanon. Algeria idalandira ufulu mu 1962, ndipo El Moudjahid ikutulukabe m'Chifalansa. Ku Tunis nakonso, Béchir Ben Yahmed adayambitsa mu 1960 magazini imene chaka chotsatira idatchedwa Jeune Afrique, yomwe pambuyo pake idasamukira ku Paris, mzinda wa La Gazette.

Mashehe aja sadasinthanitse Chiarabu ndi Chifalansa. M'madrasa ankaphunzitsa Chiarabu cha Qur'an, pamasamba a magazini ankatsata mwana kumene sukulu ya atsamunda idamusiya. Adazindikira kuti anthu amene sadzilembera okha mbiri yawo amalemberedwa ndi ena, ndipo wolembayo amalemba zomukomera.