Liwu lakuti misala likutseka pakamwa antchito

Pa maesiteti a fodya ozungulira Mtunthama, munthu akayamba kufika mochedwa kuchigafa, kukhala duu osacheza ndi anzake, kapena kusokoneza masamba posankha fodya, amamva chimodzi mwa ziwiri: "waulesi uyu" kapena "wayamba misala". Zonsezi n'zolakwika, koma chachiwirichi ndicho chowononga kwambiri, chifukwa chikulepheretsa anthu amene akanathandizika kutsegula pakamwa.

Misala ndi matenda aakulu. Munthu amalankhula zosalumikizana, amamva mawu amene ena sakuwamva, mwina osazindikira kumene ali. Matendawo alipodi, ndipo anthu amalandira chithandizo ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma ife tatenga liwu limodzili n'kuvundikira nalo vuto lililonse la mumtima. Mlimi amene tulo tamuthawa chifukwa mabelo ake abwezedwa kumsika wa Chinkhoma, uku ngongole ya feteleza ili pakhosi, akudziwa kuti akangotchula za maganizo anzake amunena kuti "wa ku Zomba". Ndiye akafika kuchipatala amangoti mutu ukuwawa, n'kubwerera ndi vuto lake lonse.

Taonaninso mmene timaumbira liwulo. Wodwala malungo timati akudwala malungo, ndipo akachira nkhani yatha. Wodwala misala yekha timamutcha "wamisala", matendawo n'kusanduka dzina lake, ngakhale atachira n'kubwerera kuntchito. Tizinena kuti "akudwala matenda a maganizo". Mneni wakuti kudwala amasiya mpata wa kuchira.

Chichewa sichinasauke mawu pa nkhaniyi. Nkhawa ndi ya zimene zisanachitike: mvula, mitengo ya fodya, fizi ya ana. Wothedwa nzeru wayesa njira zonse ndipo sakuona kolowera. Wosweka mtima wataya wokondedwa kapena chinthu chimene ankadalira. Wotaya mtima wasiya kuyembekeza chilichonse, ndipo ameneyu ndiye wofunika kumukhalira pafupi ndi kumuperekeza kwa achipatala msanga. Palinso mawu amene anthu amanena okha popanda wowaphunzitsa: "ndikuganiza kwambiri". Ku Harare, Dr Dixon Chibanda atayambitsa Friendship Bench mu 2006, anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pabenchi pafupi ndi chipatala, ndipo anatsamira pa liwu la Chishona lakuti kufungisisa, lomwe ndi kuganiza kwambiri komweku. Anthu ankabwera chifukwa vuto lawo linkatchulidwa m'mawu amene iwo eni amalitchulira. Kuno ku Mtunthama, kumene Kamuzu Academy yakhala ikuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki kuyambira 1981, sitiyenera kuchita kuuzidwa kuti kusankha liwu ndi nkhani yaikulu.

Liwu limene likundidetsa nkhawa pa wailesi ndi m'misonkhano ndi "kukhumudwa". Ambiri akuligwiritsa ntchito ponena matenda aja amene munthu amatha milungu osadya bwino, osagona, popanda chomusangalatsa. Liwuli n'lopepuka. Munthu amakhumudwa mnzake akamunamiza kapena timu yake ikagonja, mawa lake waiwala. Wantchito akauza kapitawo kuti "ndakhumudwa", kapitawoyo amva kuti wanyanyala, mwina amufunsa kuti wamulakwira ndani. Kuli bwino kunena kuti "ndikuvutika maganizo", kenako n'kufotokoza zimene zikuchitika m'thupi ndi kutalika kwa nthawi yake.

Akapitawo ndi mabwana nawonso ayang'ane pakamwa pawo. "Limba mtima" ndi mawu abwino pamaliro, munthu utakhala naye pamphasa. Akanenedwa uli chiimire, mwendo uli m'njira, tanthauzo lake limakhala lakuti usandiuze. "Mwamuna salira" ndiye asamveke n'komwe pantchito, pakuti watsekereza amuna ambiri amene anali pafupi kupempha thandizo. Funso la Chichewa chenicheni ndi lakuti, "Bambo, masiku ano simukuoneka bwino, kwagwanji?" Lifunsidwe pambali, mwaulemu, ndipo wofunsayo adikire yankho.

Mawu okoma sangalowe m'malo mwa malipiro. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti, ndipo bwana amene akuchedwetsabe ndalama za antchito ake ndiye akubzala nkhawa zomwezo. Komabe lamulo la ntchito la 2000 limapatsa munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 tchuthi cha matenda cha milungu 4 pa malipiro onse ndi milungu 8 pa theka la malipiro, akabweretsa kalata ya dokotala. Kalatayo siingalembedwe ngati munthu akuopa kutchula chimene chikumudya. Ikafika kuofesi, kalaliki alembe m'buku kuti "akudwala", monga amalembera wina aliyense, ndipo zotsalazo zikhale pakati pa wodwalayo ndi dokotala wake.