Mlendo Wosatsazika: Mbiri ya Masamba Oumitsa Browser

Pamene ZAMNET, yobadwira pa Yunivesite ya Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti mu 1994, chaka chomwe Netscape Navigator inatuluka, tsamba linali ngati kalata chabe: browser inkalilandira, kuliyala pamaso pa wowerenga, n'kukhala duu. Koma mu 1995 Brendan Eich anapanga JavaScript, ndipo kuyambira pamenepo tsamba linasanduka mlendo wokhoza kulamula m'nyumba ya eni.

Makolo anati mlendo ndi mame, komatu uyu, akadza ndi mtima woipa, sakamuka ngakhale dzuwa liswe mtengo. Amauza browser kuti ibwereze ntchito imodzi kosalekeza, kapena itsegule mawindo osawerengeka, kufikira memory itadzala ndi makina atauma gwa. Sakuba kanthu ayi, angotsekera mwini nyumba kubwalo, ndipo choipa chimenechi amisiri amachitcha denial of service. Sindidzaiwala mnyamata wina wa kuno ku Lilayi amene ndinakhala naye moyandikana mu kafe ya intaneti m'tauni, amene, atalipira theka la ola kuti atumize kalata yofunsira ntchito, anangoti kakasi tsamba litaumitsa browser, akugogoda mouse patebulo, mphindi zake zikutha, mwini kafe alibe mankhwala ena koma kuzimitsa kompyuta pakhoma. Ndalama yotsala inali ya basi yokha.

Mu 2003 kunadziwika kuti mzere umodzi wa HTML wolembedwa mokhota unali wokwanira kugwetsa Internet Explorer. Mpumulo unadza mu 2008, pamene Google Chrome inapatula masamba, lililonse m'chipinda chake, monga mlimi wanzeru amatalikitsa nkhokwe zake kuti moto wa imodzi usanyeketse zonse. Ndipo ine ndiyesa kuti nzeru imeneyi inaposa zigamba zonse zokonzera mabrowser zimene zinasokedwa kale.

Koma nthendayo inasamukira m'thumba. Mu Januwale 2016 anthu ankatumizirana link ya crashsafari, imene inkaunjika zilembo m'mbiri ya browser kufikira iPhone itazima n'kuyakanso yokha. Masiku ano mayi wogulitsa tomato ku Kabwata kapena ku Chelstone amasunga m'foni ndalama za malonda ake ndi manambala a omupatsa katundu. Ndipo ngakhale opanga mabrowser amatumiza zigamba kawirikawiri, chigamba chimadya bandulo, ndipo mafoni akale ambiri amene ali m'manja mwa anthu athu analeka kale kuzilandira.